Tizida Titatu Tandimanga Miyendo

14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu komanso Kamphepo wanga. Kuno thupi lili bwino, koma nkhani ndilibe yabwino. Kumapeto kwa mwezi uno sindibwera monga ndinalonjezera. Kalata yondisamutsira ku nthambi ya kampani yathu ya kufupi ndi inu abwana akana kuisaina.

Mundilole ndifotokoze, ngakhale mumati za makompyuta zimakupweteketsani mutu. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndinalemba tizida titatu tomwe mapulogalamu onse a kampani ino amadalira. Koyamba kamadula mzere wa mawu paliponse pamene pali mpatuliro, kuti dzina, tsiku ndi nambala zikhale pazokhapazokha. Kachiwiri kamalumikizanso zidutswazo. Kachitatu kamafufuza: mukalemba "ma" ndi kanyenyezi, kamakubweretserani mawu onse oyamba ndi "ma". Ndi utelala basi, kungoti nsalu yake ndi zilembo. Ndinatilemba m'chilankhulo chakale cha makompyuta, chomwe chimafuna kuti chilembo chilichonse uchipezere wekha malo m'makina, ukamaliza uwabweze.

Kodula kaja kali ndi chilema. Kakapeza mipatuliro iwiri yogundizana, pakati popanda kanthu, kamangodumpha osanena. Mapulogalamu makumi anayi anazolowera chilemachi, iliyonse ili ndi chigamba chake. Mwezi watha mnzanga wina, timamutcha Amagalasi, anachikonza ndi mtima wabwino ndithu. Tsiku lomwelo makalata a makasitomala anatuluka nambala ya foni ili pamalo pa dzina. Ndinabwezeretsa chilemacho m'mphindi khumi, ofesi yonse n'kundiombera m'manja. Ine chitsiru ndinamwetulira.

Lolemba abwana anandiitana. Kalata yanga inali pa desiki, atasanjikapo kapu ya tiyi.

"Mayi, mwaona nokha zinachitika zija," anatero. "Mukachoka inu, ife tigwira mtengo wanji?"

"Bwana, ndizithandiza ndili komweko. Mwana wanga akuyamba sukulu, ndipo zaka zinayi tsopano akuleredwa ndi achemwali anga."

"Makina amenewa salumikizidwa ndi kunja, mukudziwa. Phunzitsani Amagalasi. Akadziwa zonse, ndisaina."

Tsopano ndikuuzeni chomwe sindinauzepo munthu. Amagalasi si mbuli ayi, ntchitoyi aigwira zaka zambiri kuposa ine. Anapunthwa chifukwa m'tizida timeneti mulibe mawu ofotokozera ngakhale amodzi. Poyamba analimo, mzere uliwonse unali ndi ndemanga yake. Mukukumbukira chaka chija ankachotsa anthu ntchito, Kamphepo ali khanda, bambo ake atangotithawa? Ndinachita mantha, achemwali. Ndinafufuta ndemanga zonse, mayina omveka bwino n'kuwasintha kukhala a, b2, zz, kuti wina aliyense akatsegula aone mdima. Makope akale ndinafufutanso. Anzanga asanu ndi mmodzi anapita, ine ndinatsala. Inu munati ndi mapemphero, ine ndinangoti ameni.

Choipa kwambiri n'chakuti nanenso ndaiwala. Kofufuza kaja mukakapatsa tinyenyezi tinayi kamayamba kuzungulira mpaka makina kutentha. Pali mzere umodzi womwe umakagwira, koma chifukwa chake umakagwira sindikuchidziwanso. Tsiku lililonse timakhala awiri m'kachipinda kopanda zenera, mafani akulira, mipando itagundana chifukwa cha kuchepa kwa malo, Amagalasi akuloza ndi cholembera.

"Zz ameneyu ntchito yake n'chiyani?"

"Ndiganize kaye."

Dzulo anavula magalasiwo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi, munthu wa dzanja laukhondo chonchi sasiya ntchito yake yopanda ndemanga. Anafufuta ndani?"

Ndinati ndikukamwa madzi. Ndinaima m'khonde mpaka miyendo kuwawa chifukwa cha manyazi obwereramo. Ndikaulula, abwana akhoza kundichotsa, ndipo Kamphepo ndidzamulera ndi chiyani? Ndikakhala chete, Amagalasi akuti kumasula zonsezi kutenga miyezi isanu ndi umodzi, mwinanso chaka. Kusiya ntchito ndaganizako, koma kwina konse akufunsa zilankhulo zatsopano, pamene ine zaka zonsezi ndakhala ndikulondera tizida titatu.

Ndikupempheni zinthu zochepa. Yunifolomu mumugulire yokulirapo, mwanayo akutalika ngati bambo ake. Tsiku loyamba mumuperekeze nokha mpaka pakhomo la kalasi, musatume munthu, ndipo mumujambule asanadetse malaya.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwawo. Kamphepo mumupsompsone pachipumi. Munandiuza pa foni kuti amachonga masiku pa kalendala ya kukhitchini. Chonde muichotse iye ali kosewera. Akadzafunsa amene waletsa amayi ake kubwera, musanamizire abwana.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Kamphepo