Kadzenje pakati pa diso ndi mphuno

Lolemba, 14 Okutobala
Kutentha koopsa. Choko chatha, ndikulembera tizidutswa. Lero phunziro la njoka, kuchokera m'kabuku ka ku Brazil kamene anatigawira ku Milange. Akuti njoka yaululu imakhala ndi kadzenje pakati pa diso ndi mphuno, komvera kutentha kwa khoswe. Ndajambula pabolodi. "Palibe kadzenje, palibe ululu." Kalasi yonse yabwereza katatu. Vitória wa benchi yakutsogolo wajambula kuposa ine, kamwana kameneka!

Lachisanu, 18 Okutobala
Vitória sanabwere. Anzake akuti yamuluma njoka dzulo akugalauza kumunda. Kanjoka kakuda, kakafupi, kotuluka m'dothi. Akuti anakagwira pakhosi ndi dzanja. Ndi dzanja! Mwana wanzeru chonchija? Amutengera ku Milange panjinga yamoto. Ndaphika, sindinadye. Ndasesa pabwalo kawiri.

Loweruka, 19 Okutobala
Ndakwera pachulu kusaka netiweki. Ndawerenga. Njoka zaululu za kadzenje zili ku America ndi ku Asia. Kuno kulibe. Mphiri ilibe kadzenje, mamba alibe. Mayo ine, Cremilda, ndinabadwira kuno ku Majaua, mphiri ndikuidziwa chiyambire ubwana, ndinalephera bwanji kungoganiza? Poti zinali m'buku basi.

Lolemba, 21 Okutobala
Ndawauza ana ang'ambe tsamba la njoka lija m'makope. Njoka iliyonse, thawani. Wina wafunsa chifukwa. Ndati silabasi yasintha. Bodza lake lopanda ndi mchere womwe. Manyazi andigwira tsiku lonse.

Lachinayi, 24 Okutobala
Kuchipatala. Chala cholozera cha kumanja achidula. Mayeso atsala milungu itatu.
Amake, mayi Liness, kundigwadira. "Aphunzitsi, mwatilemekeza, ulendo wonsewu." Sakudziwa kanthu. Mwanayo sanauze munthu aliyense.
Amake atatembenuka kusenda nthochi, Vitória anandinong'oneza: "Aphunzitsi, ndinayang'anitsitsa mbali zonse ziwiri. Kapena kadzenjeko kanali kakang'ono, ine sindinakaone. Musandikwiyire."
Ine ndinangoti, "Uchira." Nthochi ndinalandira, ndinadya.

Lachisanu, 25 Okutobala
Sindinabwerere ku Majaua. Ndagona kwa Emília, msuweni wanga. Ndili pageti la chipatala, atsegula posachedwa. Ndiyamba ndi amake, mwanayo akumva. Ndinena kuti mayi, mwana wanu anayang'ana bwino, amene analakwa ndine.