Kalilole wa Lole Yanu

Ababa,

Kodi mwafika bwino kumeneko? Msewu unali bwanji? Ndayamba choncho chifukwa ndi mmene munkalonjerera mlendo aliyense, asanakhale n'komwe pansi.

Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa, ndili kuno kutsidya kwa nyanja, m'basi yochoka ku Thamesmead kupita kuntchito. Anaimba ndi alamu, amuna a mng'ono wanga Elube. Anati mwatisiya mwakachetechete, dzulo lake mutamwa tiyi n'kudandaula kuti shuga wachepa. Sindinalire. Ndinapitirira potsikira panga mpaka basi inafika kumapeto. Dalaivala anazimitsa injini n'kubwera kudzandifunsa ngati ndili bwino. Nditaona manja ake ndinakumbukira anu, misozi n'kuyamba.

Kumaliro sindinabwere. Pasipoti yanga inali ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka ku Croydon, ndipo anati ndikaitenga n'kutuluka, pempho lokhala kuno lifera pomwepo, langa ndi la mwana wanga Dalitso. Ndinakhala. Nyimbo za kumanda ndinamvera pa foni mpaka khadi linatha.

Papita miyezi inayi, ndiye nkhani zachuluka. Mwana wamkulu wa Elube wachira, mwana ndi wamwamuna, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti makutu ndi anu. Mbatatesi zachita bwino ku Ntcheu chaka chino, koma kabichi wadyedwa ndi mbozi. Njinga yanu akukwera alamu, ndipo akuti sakuipukuta. Ndaona kuti ndikuuzeni.

Dalitso wakhoza mayeso oyendetsa basi, zija zosanjikizana. M'mawa uliwonse asanalize injini amaizungulira, n'kumawerama pa tayala lililonse nthawi yaitali kuposa anzake, moti amamuseka kuti akufunafuna ndalama yomwe anataya agogo ake. Iye amangoti anaphunzitsidwa ndi msilikali. Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma mawu anu aja amawatchula bwinobwino: "Madzi, oyilo, matayala, kenako pemphero."

Ine ndakhala ndikubwereka mabuku a nkhondo yanu, yachiwiri ya dziko lonse ija, ku laibulale. Ndawerenga ambiri, ena onenepa ngati njerwa. Muli mayina a akuluakulu a asilikali, mapu, mivi yolozera uku ndi uku. Koma za amene anabweretsa madzi, mpunga ndi zipolopolo, kapena amene anabwerera ndi ovulala kumbuyo kwa lole, amangodutsapo ndi mzere umodzi. Ndiye ndatenga kope, ndikulemba zomwe munkatiuza. Munachoka kumudzi musanamere ndevu, musanakwerepo galimoto. Ku Nairobi anakuphunzitsani kuyendetsa pokukalipirani m'Chiswahili. Munadutsa chipululu kupita ku Abisiniya, kenako munawoloka nyanja mpaka ku Burma, komwe matope ankameza lole mpaka zitseko. Munabwerako ndi mendulo ziwiri, chifuwa chosatha, ndi kalilole wang'ono wa pambali pa lole, wosweka pakona, yemwe munkametera ndevu moyo wanu wonse.

Polemba m'kopemo ndinafika pa nkhani ya a Saidi, ija munandiuza kamodzi kokha, ndikukumetani tsitsi pakhonde ulendo wanga womaliza. Munati pa mdipiti wa malole lamulo linali limodzi: dalaivala aliyense amasunga lole ya kumbuyo kwake. Ikaima, iwenso uime. Wakutsogolo kwako akaona kuti waima, nayenso aima, mpaka mdipiti wonse. Tsiku lina m'chipululu muja, inu munali wachiwiri kwa womaliza, womaliza anali a Saidi a ku Liwonde. Munkayang'ana pakalilole n'kumaona fumbi, mtima n'kukhala pansi kuti akubwera. Pofika pamsasa madzulo, kumbuyo kunalibe munthu. Fumbi lonse lija linali lanu lomwe.

Sajeni anakana kuti mubwerere mpaka kutacha. Munawapeza makilomita ambiri m'mbuyo, atagona pansi pa lole yothyoka sipuling'i, akumwa madzi a mu injini. Sanakutukwaneni. Anangoti ankaona fumbi lanu likucheperachepera. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chomwe chaka chilichonse munkapalasa njinga mpaka ku Liwonde ndi nkhuku pakaliyala, Amayi akudandaula kuti munthuyo si m'bale wathu.

Ababa, ndinasiya kulemba pamenepo, chifukwa cha Elube.

Zaka zisanu ndi chimodzi wakusungani yekha. Kukusambitsani, kukutembenuzani, kuchapa zofunda mvula ikugwa. Ine kuno ndimagwira ntchito yomweyo m'nyumba ya okalamba, koma ndimavala magolovesi, ndipo nthawi ikakwana ndimaweruka. Ndinkatumiza mankhwala, mabulangete, majuzi. Ndikaimba foni ndinkafunsa za inu, ngati katundu wafika, ngati mwadya. Sindikumbukira tsiku lomwe ndinamufunsa iye za msana wake. Ndinkaona katundu wangayo n'kumati m'bale wanga akubwera pambuyo.

Patapita sabata chiikireni maliro, ndinamuimbira n'kuyamba kufotokoza za pasipoti. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Palibe kanthu, achemwali. Inu mumasambitsa makolo a eni." Anadula foni. Kuchokera pamenepo ndikaimba ankayankha ndi alamu, n'kumati wapita kudimba, ngakhale Lamulungu. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinkadziyankhira m'basi, mayankho abwino kwambiri. Koma ife tatsala awiri okha, ndipo ndinaona kuti ndikhoza kutaya wachiwiriyo ali moyo.

Pasipoti yabwera mwezi watha, ndi chilolezo chokhala. Sabata yomweyo kuntchito anandiuza kuti andisankha kukayamba maphunziro oti ndikhale woyang'anira anzanga, omwe ndawadikira zaka zitatu. Akuyamba mu Ogasiti ndipo sadikira munthu. Ndawayankha kuti apatse wina. Ndapempha tchuthi cha miyezi itatu. Bwana wanga anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino, ine ndinati lole ya kumbuyo kwanga yaima. Sanamvetse, koma anasaina.

Elube ndinamulembera kalata, poti kalata sadula. Sindinatchulemo za Croydon. Ndinangoti ndikubwera kudzakhala, osati kudzacheza, kuti tidzamange chiliza chanu limodzi, ndipo ndidzamuperekeza kuchipatala akamuone msanawo. Ndinamufunsanso zomwe ndinayenera kufunsa kalekale.

Lamulungu lapitali foni inalira, anali iyeyo. Sanatchule za kalata. Anandiuza za mbozi, za mwana, za mtengo wa simenti. Mawu ake anali owuma, koma sanadule. Kumapeto anati pogawa zovala zanu anthu ankafuna kutaya kalilole uja poti ngosweka, iye anamubisa m'dengu. Anafunsa ngati andisungire. Ndinati amupachike pomwe ankakhala, pafupi ndi chitseko. Anati wamupachika kale.

Sindinganene kuti takhululukirana. Koma ndamupeza pomwe ndinamusiya, ndipo ali moyo. Ndikulonjeza kuti ulendo uno sindinyamuka mpaka injini yake italira, ndipo chaka chilichonse ndizibwerera, nkhuku ndizikagula pa Ntcheu pomwepo.

Zomwe zatsala ndi izi: mendulo ziwiri, kope lomwe lafika pakati, mdzukulu woyendetsa basi, khanda la dzina lanu, kalilole pakhoma, ndi ana anu awiri.

Mundiperekere moni kwa Amayi, ndi kwa a Saidi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati