Ndinadula Timano ta Masitampa a Atate

Malota, Livingstone
19 Juni 1994

Wokondedwa mlongo wanga Jethro,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupeza uli bwino ku Ndola kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Inutu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwalowa m'mafupa. Makina anga osokera akulirabe, ndipo chitsekereni fakitale ya nsalu ija, mayunifolomu a ana a sukulu ndiwo akutidyetsa.

Pepala ili ndi lachitatu, awiri oyamba ndang'amba. Nkhani yake ndi ya chitini cha masitampa a atate.

Ukudziwa mmene ankachisamalira zaka zonse zija akugwira ntchito ku positi ofesi. Lamulungu masana munkakhala awiri patebulo, iwo ndi kachitsulo kawo kopanira, iwe ndi galasi lokulitsa zinthu, mamina ali chuchuchu, koma osathamangitsidwa. Ine ndikayandikira ankati manja anga ali ndi mafuta ophikira. Mayina ndinkangowamvera pakhomo: a 1905 a Kampani ya azungu imene inkalamulira dziko lino, okhala ndi chithunzi cha mathithi a Mosi-oa-Tunya, a mfumu ya ndevu ya Angelezi okhala ndi nyamalikiti ndi njovu m'munsi, ndi oyamba a Zambia a chaka cha ufulu.

Sabata yawo yomaliza, ndikuwatembenuza pabedi, anandigwira dzanja n'kunena kuti chitinicho ndi cha Jethro, wina asachitsegule mpaka mwini wake afike. Ndinavomera. Koma iwe pamaliro unangokhala masiku awiri, chitini n'kuchisiya pamwamba pa wadiropu.

Mwezi watha ndinachitsitsa kuti ndipukute fumbi, ndipo ndinachitsegula. Munali mosokonekera, ena m'timapepala, ambiri akadali pa maenvulopu achikasu onunkha nkhungu. Ndinati ndikukonzere bwino kuti tsiku lomwe udzabwere udzalandire buku looneka. Ndinaviika maenvulopu m'beseni, masitampa n'kumatuka, mapepalawo ndinataya. Atauma ndinawasita. Kenaka maso anga anagwera pa timano ta m'mphepete mwa masitampa tija. Iwe ukundidziwa, telala sangaone nsalu yonyenyeka m'mphepete n'kuisiya. Ndinatenga sizasi n'kudula timano tonse, mzere wowongoka ngati mpendero wa siketi, kenaka ndinawamata m'buku ndi guluu.

Ndinanyadira mpaka ndinapita nalo kwa ba Mulemwa. Ukuwakumbuka, anzawo a atate a ku positi aja. Masiku ano ali ndi tebulo pamsika wa ziboliboli ku mathithi, amagulitsa masitampa akale kwa alendo. Sindinapite kukagulitsa, Mulungu ndi mboni. Ndinkafuna andiuze mtengo wake kuti ndikulembere nkhani yokoma.

Anatsegula tsamba loyamba, n'kuvula magalasi. Kenaka anandifunsa kuti maenvulopu ali kuti. Nditawauza, anangoti, "Ba Monde, ni ndani anakuuzani kuchita so? Aya manje ni mapepala chabe."

Anandifotokozera kuti tsopano alibenso mtengo, chifukwa wodziwa masitampa amayamba wawerenga timano, kenaka amayang'ana kumbuyo ngati kuli koyera. Anati sitampa imene ikadali pa envulopu yake, ndi chidindo cha Kalomo kapena cha Livingstone wakale, imaposa yomatula kutalitali. Anandilozera imodzi ya mathithi ija n'kunena kuti mzungu wina anaifuna katatu konse, atate n'kumakana, amvekere ndi ya mwana wawo. Mdala uja anagwetsa misozi pamaso pa alendo.

Ndikanatha kulekera pomwepa, iwe n'kuganiza kuti Monde sankadziwa. Koma nkhaniyi ndagona nayo milungu itatu ndipo sindikufuna kukunamiza. Nditadula asanu oyamba, dzanja linaima. Ndinakumbuka kuti atate sankawakhudza n'chala chomwe, ndipo mtima unandiuza kuti ndikulakwa. Koma ndinakumbukanso miyezi khumi ndi inayi imene ndinawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse. Pa zonsezo, mawu awo omaliza kwa ine anali a chitini chako. Zinandiwawa, Jethro, ndipo ndinakuchitira nsanje. Ndinapitiriza kudula mpaka sitampa yomaliza, mtima uli fuu, kwinaku ndikudzinamiza kuti ndikukongoletsa.

Madzi akatayika saoleka. Timano sindingabwezeretse, ndipo atate sangamvenso kupepesa kwanga. Watsala ndiwe. Ndakulakwira, mlongo wanga, ndipo ndikupempha undikhululukire. Bukulo lili pano, ndi lako, ngakhale palibenso angaligule.

Chimene ndikuopa si ukali wako. Iwe ukakwiya sulankhula, umangoleka kulemba, chaka n'kutha anthu osamva za iwe. M'mimba mwa amayi tinatulukamo awiri okha. Mwala wa pa manda a atate wamalizidwa, ndipo abusa avomera kuti tikauvundukule pa 13 Ogasiti. Ngati uli ndi mawu, kwera sitima udzandikalipire pakhomo pano, aneba onse a m'Malota amve. Ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka umalize, sindidzayankha. Koma usandisiye ndikaime ndekha pamanda paja.

Undiperekere moni kwa Inutu. Ana ako Mazuba ndi Choolwe uwauze kuti azakhali awo akufuna miyezo yawo, ndiwasokere zovala za Khirisimasi nthawi ikadalipo. Ambuye akusunge, akufewetsenso mtima.

Ndine mlongo wako,
Monde