Bowa wa Mdzukulu Wandilanda Chipinda

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga. Bondo lija likuti bwanji masiku ano? Kuno tadzuka, ine chifuwa chokha, ndipo amene anachibweretsa mumumva m'munsimu. Ndalemba kalata chifukwa foni ya m'nyumba muno ili ndi makutu ambiri. Zilembo zikakhotakhota musadabwe, ndikulembera mumdima.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu wamkazi, wa kusekondale uja. Kusukulu kwawo kunabwera phunziro la bizinesi, akuti ana asamadikire kulembedwa ntchito, azidzilemba okha. Mphunzitsi wake ndinamuona ndi maso angawa: kamnyamata ka tayi, nsapato zosongoka ngati mlomo wa khoswe. Ndikukayika ngati chibadwire chake anagulitsapo ngakhale singano. Amalandira malipiro mwezi ndi mwezi pophunzitsa ana a eni kuti malipiro ndi a anthu aulesi.

Ndiye anawauza kuti aliyense akafufuze kwawo malo amene angokhala osapindula kanthu. Mdzukulu wanu anazungulira nyumba yonse, kubafa, kukhitchini, kuseri kwa thanki, mpaka anadzaima pakhomo pa chipinda changa atanyamula tepi yoyezera. Ine ndili gone pabedi, achemwali, ndikupuma bwinobwino, iye n'kuyeza kundidutsitsa tepiyo pamimba.

Anapanga kampani yolima bowa ndi anzake a m'kalasi. Iye ndi bwana wamkulu, wina bwana wa malonda, wina bwana wa chuma, wina bwana wa kaya chiyani. Wogwira tsache palibe. Bowayo amamera m'matumba apulasitiki odzaza utuchi, ndipo akuti amafuna mdima ndi chinyezi. Anakhoma pepala lakuda pawindo, anamanga zingwe kudenga, matumba ali lendelende pamwamba pa bedi langa ngati mileme. Pansi amawazapo madzi m'mawa ndi madzulo. Nditadandaula za mdimawo, bwana wamkulu anagwada mwaulemu wonse n'kunena kuti, “Agogo, maso anu ndi ofooka kale, palibe chimene mukutaya.”

Ndinakasuma kwa bambo ake, mwana wanga wobala ndekha. Anandiyankha kuti ndipirire chifukwa bowayo ali ndi mamalikisi a mayeso. Mpongozi wanga ndiye musanene, wauza kale mzere wonse wa nyumba zathu kuti mwana wake ali ndi kampani.

Tsiku lobwera mphunzitsi kudzayendera, ananditulutsa pakhonde pamodzi ndi nsapato zanga, bedi n'kuliimika kukhoma kuti lisaoneke pachithunzi. Mnyamatayo analowa, anajambula, anagwedeza mutu ngati dokotala, osakhudza thumba ngakhale limodzi. Atafunsa mavuto amene kampani ikukumana nawo, mdzukulu wanu anati malo akuchepa chifukwa m'chipindamo mumagona munthu. Munthuyo ndine. Potuluka mphunzitsiyo ndinamupempha kuti andilembe ulonda, poti ndine ndimagona ndi katundu. Anaseka, nandisisita paphewa, akuti agogo ali ndi mtima wa bizinesi. Ndikanakhala ndi mano okwanira ndikanamuluma.

Zokolola zake zinadzaza mbale imodzi. Anagula ndi mayi ake a bwana wamkulu, tinadya ndife tomwe, ndipo kampani inapambana kalasi yonse. Jekete langa lovala kutchalitchi nalo linamera nkhungu kumsana konse. Ndinawauza kuti uwu ndi munda wanga, ndalima popanda mphunzitsi, andipatse mamalikisi anga. Palibe anaseka.

Tsopano imvani chimene ndalembera. Mphunzitsi uja wawauza kuti bizinesi yosakula ndi yakufa, choncho teremu ikubwerayi akufuna mashelefu kuchokera khoma ili mpaka ilo. Chiyambireni nkhaniyi, mwana wanga wasanduka wokonda kumudzi. Tikamadya amayamikira mpweya wa kwathu, akuti umachiza chifuwa cha nkhalamba, iye amene amabwera kumeneko pa maliro pokha. Dzana ndinamumva akuuza mkazi wake kuti akuimbirani foni kufunsa ngati nyumba yanga ya kumudzi ija ikadalipo.

Pempho langa ndi limodzi: mumuuze kuti inagwa. Nenani chiswe, nenani mphepo, sankhani nokha, bodza limakukhalani kuyambira tili ana. Akati atuma munthu kudzaona, alamu azule chitseko ndi malata awiri akabise kwanu. Ndidzakhoma ndekha ndikadzafuna.

Musandiseke, achemwali. Nyumba ija ndinamanga ndi manja anga ndipo ndimaikonda, koma chimwalirireni mayi a ana anga mulibe woyankha. Ndinayesapo kunena nthabwala kwa khoma, silinaseke, silinakwiyenso. Kuno amandiyesa katundu wotsekereza malo, komabe ndikayankhula pamakhala wina wotsonya n'kunena kuti agogo mwayambatu. Bola kutsokomola pakati pa anthu kusiyana ndi kupuma mpweya wabwino ndili ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti pozula chitseko asathyole mahinjesi, ndimawadziwa manja awo. Moni kwa ana anu onse ndi adzukulu, makamaka amene sanafike kusekondale, poti ndi okhawo amene ndikuwakhulupirira. Kwa azakhali athu okalamba aja moni wokha, nkhaniyi asaimve, pakamwa pawo palibe chitseko.

Tsalani bwino.

Ndine mchimwene wanu wovuta uja.