Mwera ndi Mabatire Anayi

Lolemba, 9 Juni 1952
Kalata ya mng'ono wanga Lawson, kuchokera kunkhondo ku Malaya. Akuti Loweruka 5 koloko asilikali adzapereka moni pa wayilesi ya ku Lusaka, iye ali pamndandanda. Amayi makalata sawakhulupirira, poti mwana anachoka ndi chifuwa. "Pepala silitsokomola," atero. Akufuna mawu ake.
Wayilesi yanga imadya mavolti 24. Dayinamo imene ndinachotsa pa lole yakufa imapereka 6 basi. Tiona.

Lachitatu, 11 Juni
Mapiko a mlombwa oti mphepo izizunguzira dayinamo ndasema ndekha, mlongoti waima. Mwera ukuwomba za boo. Nzeru yake nayi: mabatire anayi adyere pamodzi ngati ana m'mbale imodzi, akakhuta ndiwalumikize mondondozana, mutu kumchira. 6 kanayi, 24. Ine Jameson wa Sitandade 3!
Che Saidi, mwini ngalawa: "Mphepo n'kuitsekera m'bokosi, amwene?" Ndaitsekera.

Lachisanu, 13 Juni
Bata. Tsamba osagwedezeka, koma mapiko akuzungulirabe! Mudzi wonse unabwera kudzaona. Che Saidi kukamwa yasa. Ine chifuwa patsogolo kuyambira m'mawa mpaka masana.
Kenako ndagunditsa mawaya, moto wake wofooka. Mayo ine! Mphepo itatha sindinachotse waya. Ndi mabatire amene amazunguza mapiko, kusanza zonse zimene anadya. Anthu akundiwombera m'manja, moto ukuthawa. Manyazi.

Loweruka, 14 Juni
Bata lomwelo. Ndatsitsa dayinamo, ndaimangirira ndi lamba ku tayala la njinga. Ndaulula kwa Che Saidi. Anaseka mpaka misozi, kenako anaitana amuna onse a ngalawa yawo: "Lero tipalasa pamtunda." Kusinthana, thukuta kamukamu, mpaka 4 koloko.
5 koloko. Phokoso, nyimbo, mayina a eni. Kenako: "Ndine Lawson wa ku Chipoka. Amayi, ndili bwino, musade..." Thi! Yazima.
Ndinafuna nthaka indimeze. Koma Amayi anagwira wayilesi ndi manja awiri. "Ndi iyeyo. Chifuwa chija chinatha."
Miyezi isanu akungotola chakudya ngati mbalame. Lero apempha chambo chachiwiri, ati mutu apatse Jameson.