Mbale ya Abambo

Sabugal, 28 Disembala

Okondedwa achimwene Abílio,

Chichokereni Khirisimasi tulo sindikutiona. Pemphero la korona ndikumayamba koma osamaliza. Kwa bambo mfumu sindinalimbe mtima kupita, ndiye ndati ndiyambe ndauza inu.

Mukudziwa kuti chimwalirireni abambo, amayi ankangolawa chakudya n'kukankha mbale. Madzulo olowera Khirisimasi tinadya monga mwa nthawi zonse, bakayawo, kabichi ndi mbatatesi, ndipo patebulo sitinachotse kanthu, kuti mizimu ikabwera isabwerere ndi njala. Amayi anapakula mbale ya abambo n'kuiika pamalo pawo, pambali kapu ya vinyo. Tinanyamuka kupita ku Misa ya Tambala, ya pakati pa usiku ija.

M'chipinda chanu chakale tagonekamo alendo odzaona malo ochokera ku Holland, a Joost ndi akazi awo. Iwo anangootha chimoto cha pabwalo la tchalitchi n'kubwerera kunyumba.

Pobwera tinapeza mbale ili mbee, vinyo watha. Amayi anagwada pomwepo. "Graciete, taona! Mpaka minga aika m'mbali monga ankachitira muja!"

Kutacha a Joost anandipeza kukhitchini nkhope ili ngwee. "Inu ndinu anthu abwino," anatero, "kundisungira chakudya chokoma chotere!" Apo ndinadziwa amene anadya za m'mbale ya abambo. Za Misa ndi za chimoto ndinali nditawafotokozera zonse, koma za tebulo ayi, chifukwa ndani sadziwa? Nditawauza kuti mbaleyo inali ya malemu abambo, anagwira pakamwa, akufuna akapepese nthawi yomweyo. Ndinawaletsa.

Achimwene, amayi akudya. Atsegula mawindo, dzulo ndinawamva akuimba. Pa tsiku la Khirisimasi lomwelo a Idalina oyandikana nafe aja anati, "Iwe Piedade, akufa anayamba liti kumaliza vinyo?" Amayi anaseka mpaka misozi. "Firmino wanga anasiyapo vinyo m'kapu? Wako ndiye sangabwere, akuopa pakamwa pakopo!"

Kenaka anandiyang'ana. "Nanga iwe wangoti ndwii, sukukondwa kuti bambo ako anabwera?" Ndinati ndakondwa. Ndinanamiza mayi anga pa tsiku la kubadwa kwa Ambuye, ndipo Lamulungu ndikuopa kulandira Ukaristia.

Alendowa anyamuka pa 6 Januwale, tsiku la Mafumu Atatu, ndipo a Joost akuti sangachoke m'nyumba muno osapepesa. Ndiwalole? Ndikawalola, amayi abwerera mumdima muja. Ndikawakaniza, bodzali ndilisenza ndekha mpaka liti? Inu ndinu mkulu, ndiuzeni chochita tsikulo lisanafike. Imbani pa foni yanga, ya m'nyumba amayankha ndi amayi.

Moni kwa alamu a Celeste ndi ana. Kuno kwazizira kwambiri, koma nkhuni zilipo. Amayi akuti ndikuuzeni kuti musadandaule, abambo ali bwino, ndipo chaka chamawa mubwere nonse mudzaone nokha.

Ndine mlongo wanu,
Graciete