Akaunti Yachiwiri ya Jovelyn

Lolemba, 2 Ogasiti 2021

Okwera anayi basi tsiku lonse. Tauni yathu ya Cabanatuan, aliyense ali m'nyumba kuopa mliri, kabaza wanga wangoti gwa pamthunzi. Mapeso 160, theka lapita ku mafuta.

Kuya Efren, mkulu wa gulu lathu la gemu ya pafoni, waimba kuchokera ku Dubai, kugawa za mwezi. Tinyama timene timamenyanitsa m'gemu nditake, ife timangosewera. Makobili a kripito amene tawina amatapapo gawo lake, otsala timasintha kukhala mapeso. Anga 4,100. A mkazi wanga Jovelyn 11,800.

Mkazi woti mu Juni sankadziwa ndi pogwira pomwe. Ndinamuphunzitsa ndine, patebulo lomwe lino, chala changa pamwamba pa chake.

Wagula mpunga thumba lathunthu. Wonyamula kuchokera kumsika ndine.

Lachinayi, 5 Ogasiti

Pasiteji, Dindo wometa tsitsi pafupi pomwepo, anthu ali gwiri: "Pare, mnzanga, njingayo ingogulitsa. Uziwafulira khofi madamu, zala zingawazizire." Onse kuseka. Nanenso ndinaseka nawo, mano okha.

Ndaluza kasanu ndi kawiri motsatizana. Efren walengeza kuti wosafika makobili zana patsiku amulanda tinyama, ofuna ali pamzere. Ine ndikumathera pa 70.

Lachitatu, 11 Ogasiti

Jovelyn ali ndi foni yatsopano. Yanga galasi long'aluka pakati.

Madzulo ndiwo ndi adobo wa nkhuku, pakati pa sabata. Apongozi anga, Nanay Pilar, akundipatsira mbale: "Mwana wangayu ndiye mzati wa nyumba ino tsopano."

Jovelyn amafuna andigulire foni. Ndakana. Ndiye akuti ndimuwonetse mmene ndikusewerera, mwina pali pamene ndikuphonya. Ndamuuza kuti mwana saphunzitsa bambo ake kumanga lamba. Wangotola mbale.

Lamulungu, 15 Ogasiti

Mvula yandibweza masana. Kulowa m'khitchini, Jovelyn foni waivundikira patebulo ngati yamuwotcha.

Nanay pakamwa sipakhala chinthu. Akuti Jovelyn amamaliza gemu yake m'mawa, masana ine ndikapita kukanyamula katundu kumsika amatsegula ina, "ya munthu wina". Ya yani, sakudziwa.

Ya munthu wina.

Loweruka, 21 Ogasiti

Dindo analowa m'gulu la Efren mwezi wathawu. Lero nsapato zatsopano, akudzitama kuti akumenya 130 patsiku. Dindo, woti kudula tsitsi molunjika kumamuvuta. Jovelyn atadutsa pamalo ake ometera anamukuwira kuti katswiri, iye n'kuseka, dzanja pakamwa. Anaphunzira kalasi imodzi awiriwa. Ndinali nditaiwala.

Jovelyn ndamufunsa mosazungulira ngati akaunti inayo ndi ya Dindo. Wafiira nkhope. "Zisiye, Del. Si zimene ukuganizazo." Ndiye n'ziti?

Ine amandiwona ndikumira tsiku ndi tsiku, koma zala zake akukatumikira nazo wometa.

Lachiwiri, 24 Ogasiti

Lamulo la gemu aliyense akulidziwa: munthu mmodzi, akaunti imodzi. Akakugwira, tinyama amatitsekera, mwini wake n'kuluza zonse.

Ndamulembera Efren ndili pamzere wa mafuta. Ndati afufuze, Jovelyn akuseweretsa akaunti ya Dindo. Ndinawerenga kawiri, n'kutumiza. Ndimati amulande Dindo, Jovelyn angomukalipira. Wosewera ngati iyeyu ndani angamutaye?

Ndadya bwino lero. Mbale ziwiri.

Lachinayi, 26 Ogasiti

Efren waimba ndili ndi wokwera. Ndinaima pambali pa msewu, mayi uja n'kutsika osalipira.

Wafufuza. Dindo akusewera yekha, pa foni yake, palibe chachilendo. Akaunti yachiwiri imene ikumatsegulidwa pa foni ya Jovelyn ndi yanga. Kuyambira pa 6 Ogasiti, masana aliwonse, kudzazitsa zimene ndasiya kuti zifike zana.

Ndinkawona chiwerengero chitakwera madzulo. Ndinkati ndi mabonasi. Kapena sindinkafuna kufunsa.

Tinyama watilanda tonse awiri. Ndinamuchonderera kuti alande ine ndekha. "Pare, wandiuza wekha, ndiye ndikudziwa. Tinyama ndinagula ndi thukuta la zaka zitatu kuno. Sindingatiike pa moto chifukwa cha za m'banja mwanu."

Ndakhala m'kabaza mpaka dzuwa kupendeka. Chimene chikundinyansa: pansi pa manyazi onsewa mukadali kanthu kena. Makobili 30 amene ine ndimalephera tsiku lonse, iye amawapeza pa theka la ola.

Lolemba, 30 Ogasiti

Jovelyn sakudziwa kuti woneneza ndine. Efren anangomulembera kuti zadziwika.

Anandipepesa. Iyeyo, kupepesa ine. Akuti anandibisira chifukwa ankadziwa kuti ndikana, ndipo tsopano watiphetsa ndi njala tonse. Analira atagwira malaya anga. Ine kumusisita pamsana ngati munthu.

Loweruka anayambanso kugulitsa phala la mpunga pageti. Makapu asanu ndi anayi. Foni yatsopano ija yapita kwa mwana wa neba wathu Aling Cora, pamtengo wozizira. Nanay sakuyankhulanso za mzati. Ndimayesa zindisangalatsa.

Akuganiza kuti anamuneneza ndi Dindo, chifukwa cha nsanje. Dzulo anamudutsa osamupatsa moni, munthu wosalakwa. Dindo anandifunsa kuti walakwanji. Ndinati za akazi, pare.

Efren wavomera kuyankhula naye mawa m'mawa. Jovelyn wakonzeka kale zonena, akuti amufunsa dzina la woneneza, sasiya mpaka amuuze. Efren sadziwa kunama.

Ndiye ndi lero, ndimuuze ndekha. Ndayeserera mawu panjira yonse yochokera kumsika, palibe amene akumveka bwino. Ali panja akutsuka poto wa phala, akuyimba pang'onopang'ono. Wandisungira kapu imodzi, akuti ndimwe lisanazizire. Ndikamwa kaye ndiye kuti sindinenanso. Ndikapanda kumwa afunsa kuti chavuta n'chiyani.